Chaka Chimene Bambo Ako Anasiya Nsanje

Masiphumelele,
Lachisanu masana.

Ndaziona mwana wanga,

Ndakhala pansi kukulembera pamene iwe ndi mwamuna wako Wongani mwapita ku Bellville kukayezetsa katundu wa pabasi. Bambo ako ali panja pampando wawo, akuyang'ana mpanda wamalata wa aneba. Tiyi amene ndinawaikira pambali wazizira osakhudzidwa. Mawa nthawi ngati ino mudzakhala muli pamsewu, ulendo wa ku Mzuzu, ndipo kalatayi udzaipeza m'thumba la m'kati mwa chikwama chako. Uiwerenge uli wekha. Popeza unakwatiwa Loweruka lapitali ndiyenera kuyamba kukutchula kuti inu, koma ndilole, m'kalata muno mokha, ukhalebe iwe.

Alangizi a kumpingo anakuuza zambiri: za madzi osamba, za kugwada popereka chakudya kwa apongozi, za kuchipinda. Ine ndinakhala chete pangodya, unandiona. Sikuti ndinalibe mawu. Mawu anga ndi ochititsa manyazi pagulu, ndipo ukudziwa kuti pakachuluka anthu ine sindimveka. Ndiye ndawaika papepala.

Ndiyambe ndi chimene ndinaona paukwati wako. Nthawi ya perekaniperekani, mnyamata wolengeza uja anakugwira dzanja n'kukuzungulitsa kawiri. Anthu anaseka, nthungululu zili pakamwa. Ine sindinkayang'ana iwe, ndinkayang'ana Wongani. Nsagwada zake zinalimba, anaimirira asanaitanidwe, n'kudzalowa pakati panu ngati akungovina. Palibe amene anazindikira. Ine ndinazindikira, ndipo ndinamva ngati ndaponda munga. Ndinakuchitira nsanje, mwana wanga, pa tsiku la ukwati wako. Ndinatembenuka kuyang'ana bambo ako. Anali phee, manja pamaondo, lamanja likunjenjemera pang'ono, nkhope ngati ya munthu amene akudikira takisi.

Iwe unabwera kuno utamaliza Folomu 4, ndiye bambo ako akale unangowaonako kumapeto. Anali munthu wansanje yoopsa. Kwathu ku Dedza ndikabwera kuchigayo ankafuna adziwe amene wandisenzetsa ufa. Kuno ku Kepi, akaweruka kugadeni ku Noordhoek sankalunjika kunyumba. Ankayenda wapansi kukaima pamene takisi ya ku Fish Hoek imatsitsa anthu, kuti aone amene ndakhala naye mpando umodzi.

"Nambewe, uja wachipewa chofiira amaseka chiyani?"

"Amaseka za pafoni yake, bambo."

"Foni yakeyo ili paphewa panu?"

Kukwaya anandichotsa pamzere woyamba, ati woimbitsa amakweza dzanja mbali yanga yokha. Ndinati dzanja lija limaimbitsa amayi tonse. Iwo anati, "Nanga maso?"

Usaganize kuti ndikutamanda nsanje. Bambo ako sanandikwezerepo dzanja, koma ndinkalira, ndinkapemphera kuti Mulungu awachotsere khalidwelo. Ya Wongani ikadzafika pokulanda foni, pokutsekera m'nyumba kapena pokumenya, usadzati ndi chikondi. Udzanyamuke, khomo lino ndi lako. Chimene ndikufuna umve ndi china: ndikufuna udziwe mmene zimakhalira ikazima.

Inazima zaka zitatu zapitazo, mu Julaye, nthawi ya mvula yozizira. Linali Lachinayi, ndikudziwa chifukwa ndilo tsiku losita kwa madamu anga ndipo ndimaweruka mochedwa. Ndinatsika takisi, ndinayang'ana pamtengo wamagetsi pamene ankatsamira, panalibe munthu. Ndinathamanga kunyumba ndikuganiza za ngozi. Ndinawapeza atakhala pabedi, nsapato zantchito zili kumapazi, hita yosayatsa. Anangoti, "Mwafika." Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ndipo ine, mwana wanga, ndinasangalala. Lamulungu ndinapereka chopereka chothokoza, ndinabwerera pamzere woyamba, ndinauza amayi anzanga kuti bambo akhwima nzeru. Miyezi ingapo ndinautafuna mtendere umenewo ngati nzimbe. Sindinaone kuti sinali nsanje yokha imene inazima. Wailesi yomverera mpira wa kumudzi inachita fumbi. Bawo la Loweruka analisiya, anzawo anabwera kudzawaitana mpaka anatopa. Mpiru ndi bonongwe zimene ankadzala m'matayala kuseri kwa nyumba zinauma, madzi ali pompo m'ndowa. Zonse zinazima pamodzi, koma ine ndinkangoona yokhudza ine. Ndiye mvetsa, Ndazi: munthu akasiya mwadzidzidzi khalidwe limene wakhala nalo moyo wake wonse, ngakhale likhale loipa, usathamangire kuthokoza. Yamba wayang'ana chimene chalowa m'malo mwake. Ukapeza kuti palibe chalowa, chita mantha.

Mtendere uja utayamba kundiwawa, ndinachita chinthu chopusa. Ndinaganiza kuti mwamuna akasiya kukuchitira nsanje ndiye kuti akuichitira wina. Ndinafufuza foni yawo, ndinapeza kuti ngakhale mng'ono wawo sanamuimbire kwa miyezi. Ndiye ndinati ndiwayese. Ukuwadziwa a Sande, aku Zimbabwe aja amene agogo awo anachokera ku Malawi, oyendetsa baki, kagalimoto kotaya zinyalala za m'magadeni. Zaka zonse ankaima pamsewu kuti andipatse lifiti, ine n'kumakana chifukwa cha bambo ako. Tsiku limenelo ndinakwera, ndinakhala kutsogolo, ndinawapempha kuti akanditsitse pakhomo penipeni ndipo alize hutala. Anatero, n'kutulutsa mutu pawindo ndi Chichewa chawo chosakaniza chija.

"Mwaswera bwanji mudhara? Ndakubweretserani amai!"

Bambo ako anadzutsa maso pang'onopang'ono. Anati, "Zikomo. Mwachita bwino, kukugwa mvula."

Ndinalowa m'nyumba, ndinaluma pilo kuti aneba asamve. Ndinabwerezanso kawiri. Chimene ndinapeza ndi mkazi wa a Sande ataima pampopi, manja m'chiuno, akundifunsa pamaso pa anthu ngati takisi zatha mu Kepi. Mayi wosalakwa anasowa tulo chifukwa cha mayeso anga, dzina langa linatafunidwa pampopi mwezi wathunthu, ndipo bambo ako sanafunse ngakhale funso limodzi. Usadzayese mwamuna wako ndi mwamuna mnzake, mwana wanga. Akakhala wamoyo bwino uyatsa moto wosazimitsika. Akakhala wodwala, upsa wekha.

Kenako ndinaitana ankhoswe. Enieni ali kumudzi, ndiye kuno amaimira ndi a Kachingwe, msuweni wa bambo ako wa ku Parklands, amene anayendetsanso za ukwati wako. Anabwera Lamulungu, atakwera takisi ziwiri, Baibulo lili m'khwapa. Ndinawapatsa tiyi, ndinakhala pansi.

"Mlamu, nenani vuto."

"Sakundichitira nsanje."

Anaika kapu pansi. "Mwati?"

"Asiya. Papita chaka ndi miyezi."

A Kachingwe anaseka mpaka kutsokomola. "Mlamu, ine ndaweruza milandu ya nsanje kuyambira ku Joni mpaka kuno. Wina anang'amba diresi, wina anaponya foni m'chimbudzi. Lero ndiye ndaona zachilendo, munthu kudandaula kuti akuba asiya kumubera." Anapukuta misozi n'kutembenukira kwa bambo ako. "Achimwene, pali wina?"

"Palibe."

"Mlamuyu wakulakwirani?"

"Ayi."

"Ndiye banjali mukulifunabe?"

Bambo ako anangoti, "Zili kwa iwo."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa. A Kachingwe anagamula kuti ndi kutopa kwa kuno, munthu wasowa kwawo, ndipo pochoka anandisiyira kamtolo ka gondolosi kuti ndiziwaikira m'tiyi. Ena kumpingo ankati kumudzi awalodza chifukwa cha nyumba yamalata imene tinamanga. Koma pamene a Kachingwe ankaseka paja, ine ndinaona chala chachikulu cha bambo ako chikupekesana ndi chinzake pabondo, ngati akutonola chimanga chosaoneka. Ndinachiona, ndinakhala chete, chifukwa mlandu ndinali nditaupanga kukhala wa ine. Kumbukira zimenezi: si nkhani iliyonse ya m'banja imene ili ya ankhoswe. Ina ndi ya kuchipatala. Ankhoswe amamva mawu, sayang'ana manja.

Kuntchito nako zinayamba kugwa. Bambo ako anali ndi magadeni masiku asanu pasabata, anthu ankalimbirana dzanja lawo. Madamu wina anawapeza ataima pampanda wamaluwa, sizasi ili m'manja, mbali imodzi atadula, inayo osadula, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Akauzidwa kuti dulani apa, ankadula bwinobwino. Akamaliza ankaimanso, kudikira. Mmodzimmodzi anawasiya, mpaka latsala Lachiwiri lokha, kwa gogo wachizungu uja wa ku Noordhoek amene amawakonda chifukwa cha maluwa a malemu mwamuna wake. Ine ndinati ndi ulesi. Ndinawalankhula mawu amene sindinawalankhulepo chikwatirane: "Munawoloka mitsinje yonse ija kudzakhala pampando?" Anati, "Pepani," n'kukhalabe. Manyazi atandigwira ndinapita mbali inayo, ndinayamba kuwachitira chilichonse. Kumanga mabatani ndine, zingwe za nsapato ndine, kuwasankhira malaya ndine. Zonse ziwiri zinali zolakwika. Kukalipa kunawachititsa manyazi osawadzutsa, kuwachitira zonse kunawalanda ngakhale tochepa timene akanatha kuyamba okha. Ukadzasamalira wodwala, usadzamutukwane ndipo usadzamusandutse khanda.

Unatikoka kupita kukiliniki ndiwe, utaona kuti dzina lawo akamalemba likungochepera ngati mzere wa nyerere. Kukiliniki anatitumiza kuchipatala chachikulu, mu Meyi chaka chatha. Unalipo, unkamasulira ndiwe, koma ndikufuna ndikuuze mmene ine ndinamvera, chifukwa iwe unali pantchito ya mawu ndipo sunandiyang'ane. Dokotala wamkazi uja anawayendetsa pakhonde, n'kutionetsa kuti mkono wamanja sukugwedezeka poyenda. Anafunsa ngati amamva fungo, ndipo ndinakumbukira tsiku limene nyemba zinapserera iwo ali pafupi ndi mbaula osamva kanthu. Anafunsa ngati amaponya miyendo kutulo. Amaponya, ndipo ine ndinkati akumenyana ndi a Sande kumaloto, ndinkagona wokondwa. Nayonso inali nthenda chabe. Anatchula dzina la matendawo, Parkinson, nati mu ubongo muli timadzi tina toyendetsa thupi timene tayamba kuchepa, ndipo timadzi tomweto ndi timene timamukankha munthu kuti afune chinthu ndi kuchiyamba.

Kenako anawafunsa bambo ako, iwe ukumasulira.

"Muli ndi chisoni?"

"Ayi."

"Mumadziona ngati munthu wopanda pake?"

"Ayi."

"Chilipo chimene mukulakalaka?"

Tinadikira. Ine ndinali pambali pawo, phewa langa likukhudza lawo. Anati, "Ayi."

Mawu a dokotala unawamasulira kuti mphwayi, ndipo ndinakukalipira pomwepo, chifukwa kwathu mphwayi ndi ya mwana wokana kutumidwa. Dokotala anati iyi si ya khalidwe, ndi mbali ya matendawo, ndipo kwa ena imayamba manja asanayambe kunjenjemera. Anati ndi yosiyana ndi kukhumudwa kumene munthu amalira ndi kudziimba mlandu, ngakhale kuti ziwirizi nthawi zina zimayendera limodzi. Atafunsa kuti zinayamba liti, ndinamuuza za Lachinayi la mu Julaye lija, analemba. Anatinso si onse odwala matendawa amene imawagwira. Imakonda kugwira amuna, anthu achikulire, amene amakhala otopa ngakhale agone bwino, amene mtima wawo unakhalapo pansi nthawi yaitali, ndi amene mutu wayamba kuchedwa posanja kuti ndiyambe ichi, nditsirize icho. Ine ndinkapinda zala pansi pa tebulo. Mwamuna, inde. Msinkhu, inde. Kutopa, inde. Mayi awo, agogo ako aakazi, atamwalira iwo analephera kupita kumaliro chifukwa cha mapepala, ndipo chaka chonsecho sanali iwo, inde. Kugadeni anali atayamba kuthirira asanadzale, inde. Zala zonse zisanu zinapindika, ndipo zonse ndinali nditaziona ndi maso anga, chilichonse pa nthawi yake, osaziphatikiza.

Unafunsa ngati zimayenda m'magazi, ndipo anakuyankha kuti kwa ambiri siziyenda choncho. Usapite nazo ku Mzuzu ngati katundu. Wongani ndi mwana, zimenezi sizikumukhudza lero. Koma amuna amakalamba, ndipo apongozi ako aamuna ali kale pamsinkhu. Ukadzaona munthu wolimbikira wayamba kukhala pampando, salira, saseka, safuna kanthu, usadzalole kuti am'tche waulesi kapena wolodzedwa asanaonedwe ndi dokotala. Udzayang'ane manja, udzayang'ane kayendedwe, udzafunse za fungo ndi tulo. Ndiwe mtengwa, mwina adzati ukulankhula zopitirira msinkhu wako. Udzalankhulebe.

Mapiritsi anathandiza dzanja, ndipo kuyenda kunapepukako. Mphwayi inangosuntha pang'ono. Dokotala anatiuza tonse awiri, ine ndi iwe, m'chipinda chimodzi, kuti chimene chavuta ndi kuyamba, ndiye pakhale munthu wowayambitsa, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, ndipo tisamawafunse mafunso otambalala. Tinamva tonse. Anatha ndiwe wekha.

Apa ndi pamene pali nkhani yanga yeniyeni, Ndazi, ndiye usathamange powerenga.

Lachiwiri m'mawa ine ndimati, "Bambo, kodi lero mupita kuntchito?" Iwo amati, "Zili kwa inu." Ndimati, "Kapena muyambe mwamwa tiyi?" Amati, "Chilichonse." Tikhoza kukhala choncho mpaka masana. Iwe sufunsa. Umatenga chipewa, umawaveka, umati, "Adadi, tiyeni," n'kutuluka, chitseko osatseka, osacheuka. Ndipo amadzuka. Amakutsatira mpaka pamsewu waukulu, ukawasiya pageti la gogo uja amagwira ntchito tsiku lonse. Ine ndimaima pawindo, nsalu yotsukira mbale ili m'manja. Tsiku lina mukudutsa pampopi unawauza kanthu, sindikudziwa kanali kotani, ndipo ndinaona mano awo. Ndinali ndisanawaone zaka ziwiri. Madzulo ake unandifunsa chifukwa chimene ndinkaombetsa mapoto, ndinati mutu ukundiwawa. Sunali mutu. Akulu amati ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Ndinamufunafuna wachitatuyo m'foni, pamsewu, kukwaya. Sindinaganize kuti ndidzachitira nsanje mwana wobala ndekha.

Ndinayesapo, sunadziwe zonse. Linali Lachiwiri lija la mu Febuluwale pamene anakuitana kuntchito m'bandakucha. Ndinatenga chipewa, ndinawaveka, ndinati tiyeni. Ndinafika pakhomo. Pamenepo khosi langa linatembenuka lokha, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "ngati mukufuna." Anandiyang'ana, anati, "Zili kwa inu," n'kuvula chipewa. Nthawi inkapita. Ndinakuimbira, ndinaika foni pakhutu pawo, ndinamva timawu tako tating'ono tikutuluka mmenemo, ndipo anaimirira. Ndinagwira foni pakhutu la mwamuna wanga kuti mawu a munthu wina amudzutse. Unandifunsa pambuyo pake ngati zinayenda, ndinati zinayenda.

Ndaliganizira kwambiri tsiku limenelo, ndikusita, ndikukolopa. Ndapeza kuti chimene chimandigwira khosi ndi malangizo omwewa amene wapatsidwa iwe sabata yatha. Ine anandilanga kumudzi ndili mtsikana kuti mwamuna salamulidwa, amafunsidwa. Mkazi satsogola, sayenda mwamuna ali kumbuyo osam'cheukira. Zaka makumi atatu ndakhala mkazi wofunsa, ndipo anthu ankanditama nazo. Lero ulemu womwewo ndi umene ukuwakhazika bambo ako pampando. Iwe ndiwe mwana wawo, unakula ukuwakoka dzanja kuti akakugulire zitumbuwa, ndiye sukuona chovuta. Choncho tamvera. Ukagwade kwa apongozi ako, ukalemekeze Wongani, ukaphunzire mwambo wa kwawo, usatichititse manyazi. Koma mawu ako aja otha kunena kuti tiyeni usakawakwirire. Uwasunge penapake. Tsiku lina adzafunika, ndipo ukawasiya zaka makumi atatu sudzawapeza pamene unawaika.

Mawa pabasi bambo ako salira. Mwina sadzakweza ngakhale dzanja. Usadzanyamule zimenezo mumtima mpaka kumalire a ku Mwanza. Ndinamufunsa dokotala, iwe utatuluka kukatenga mankhwala, ndi Chingerezi changa cha kukhitchini, ngati chikondi chimakhalamobe mwa munthu wotere. Anati iye sangaone mumtima, koma akuganiza kuti chimakhalamo, kungoti chimasowa chochikankha kuti chituluke. Ine ndinasankha kukhulupirira zimenezo, chifukwa zinazo sindingazisenze. Nawenso usankhe choncho.

Tsopano pempho langa. Ndinakumva dzulo ukumuuza Wongani kuti watchera chikumbutso pafoni yako, Lachiwiri lililonse m'mawa uzidzaimba kuchokera ku Mzuzu, ine ndizidzaika pakhutu pawo. Wakonza bwino, ndiwe mwana wabwino. Koma ndikukupempha kuti usaimbe.

Ndikhoza kukupatsa zifukwa zooneka bwino. Netiweki imavuta, magetsi amazima, udzakhala ndi khanda losagona, udzakhala pamaliro a kuchimuna kumene sungatulutse foni. Zonsezo ndi zoona. Koma chifukwa chenicheni ndi chakuti ndikufuna adzuke ndi mawu anga. Anandiyembekezera pamtengo wamagetsi zaka zambiri mvula ikuwagwera, ndipo sindikufuna kumaliza banja langa ndili chogwirira foni. Ndikudziwa chimene ndikuika pachiswe. Gogo uja ananena mwaulemu kuti akajombanso osanena afuna munthu wina, maluwa sadikira. Lachiwiri likatayika, bambo ako alibenso chowavalitsa nsapato sabata yonse, ndipo dokotala anatichenjeza kuti kukhala pansi kumalimbitsa thupi msanga. Ndikudziwa. Ndapempha kale kwa madamu anga kuti Lachiwiri ndizifika mochedwa, avomera. Masiku ano ndikakhala ndekha m'nyumba mwawo ndimayesezera mawuwo ndikupukuta magalasi, osawonjezera mchira kumapeto. Galu wawo amadzuka ndithu.

Uziimba Lamulungu masana tikabwera kutchalitchi. Uzilankhula nawo nthawi yonse imene ukufuna, uziwauza za mvula ya ku Mzuzu ndi za apongozi ako, ndipo akaseka ndidzayesetsa kusaombetsa mapoto. Uzindikumbutsa tsiku lobwerera kuchipatala, ngakhale ukudziwa kuti ine masiku sindiiwala. M'mawa wa Lachiwiri wokha ndiwo ndikupempha.

Sindine wopusa mpaka kuwataitsa ntchito chifukwa cha mtima wanga. Foni yako ikhale yoyaka. Ukadzaona ikulira m'mawa umenewo ndipo dzina ndi langa, udzadziwe kuti ndalephera. Udzayankhe msanga, usadzandifunse kanthu, usadzanditonthoze, udzangolankhula ndi bambo ako. Ine ndidzagwira foniyo, ndipo Lachiwiri linalo ndidzayesanso.

Koma ikapanda kulira, usadzati takuiwala, ndipo usadzaimbe kufunsa mmene zayendera. Udzapitirize kusesa pakhomo pa eni ake. Undisiyire tsiku limenelo likhale langa.

Uyende ndi Mulungu, ufike bwino, ukapereke moni kwa apongozi.

Ndine mayi ako,
Nambewe.